Mavoti Ofafanizana

M'tauni yathu ino ya ku Iowa, ku America, nyengo ya chisankho ikafika sitifunsana kuti kodi inu muli mbali iti. Timangoyenda mumsewu n'kumawerenga zikwangwani zozikidwa pa kapinga, zofiira za chipani ichi apa, zabuluu za chipani icho apo, basi wadziwa nyumba yoti ukachezeko ndi yoti uyambe waizemba mpaka Khirisimasi. Nyumba imodzi yokha ndiyo inkasokoneza alendo, ya a Delbert Kruse ndi akazi awo a Maxine, kuseri kwa nkhokwe zikuluzikulu za chimanga zija. Pamenepo pankakhala zikwangwani ziwiri, chofiira kumanja kwa kanjira kolowera, chabuluu kumanzere, zitapenyana ngati atambala.

Chofiiracho chinali cha a Delbert. Iwo anagwira ntchito yokonza mathirakitala moyo wawo wonse, ndipo ankakhulupirira kuti boma ndi dzanja lomwe limangodziwa njira ya m'thumba mwa munthu. A Maxine anali mphunzitsi wa ana aang'ono, membala wa bungwe la aphunzitsi wosaphonya msonkhano, ndipo ankati amuna awo amadana ndi msonkho koma msewu ukakumbika amakhala oyamba kuimba foni ku boma. Anakwatirana akudziwana bwino lomwe. Akuti ngakhale tsiku la ukwati, ali m'galimoto kuchokera ku tchalitchi, anakangana za mtengo wa chimanga ndi amene anaugwetsa.

Zaka zapitazi ndale zatidula pakati moipa. Pali abale a mimba imodzi amene sadyeranso limodzi, pali anthu amene anasintha tchalitchi chifukwa cha chikwangwani cha pa kapinga wa abusa, ndipo zonsezi chifukwa cha anthu amene sadziwa n'komwe mayina athu. Koma kwa a Kruse mkangano unali ndiwo za tsiku ndi tsiku. Ukadutsa madzulo unkamva mawu awiri akukwerana kukhitchini, ukasuzumira n'kupeza wina akutsuka mbale, wina akupukuta.

Tsiku lovota linali tsiku lawo, kuposa lokumbukira ukwati lomwe a Delbert ankaliiwala chaka ndi chaka. Lachiwiri la mu Novembala lija likafika, a Maxine ankavala jekete lawo labuluu, a Delbert n'kumanga tayi yofiira imene sinkaona dzuwa tsiku lina lililonse, ndipo pakhomo a Maxine ankati, "Tiyeni tikafafanizane." Ankapita limodzi ku holo ya ozimitsa moto komwe timavotera, aliyense pobisika pake, wina kuvotera ofiira kuyambira pamwamba pa pepala mpaka pansi, wina abuluu chimodzimodzi. Akatuluka, mavoti awiri aja atadyana okhaokha, ankawoloka msewu kupita ku lesitilanti ya Opal kukamwa khofi, bambo ndi payi, keke ija ya zipatso m'kati, wa maapozi, mayi ndi wa mandimu, poti wa maapozi ankati ndi chakudya cha anthu osaganiza.

Anthu ankawafunsa kuti bwanji osangokhala pakhomo onse awiri, poti zotsatira zake n'zimodzimodzi. A Delbert ankati dziko lino likanagwa kalekale pakanapanda iwo kumafufuta voti ya mayiyu. A Maxine ankati sangakhale pakhomo chifukwa mkuluyu akhoza kunamizira kokagula misomali n'kukavota mozemba. Chikhalirecho chaka chimene a Delbert anagonekedwa m'chipatala atachitidwa opaleshoni ya bondo, ndi a Maxine omwewo amene anavuta akuluakulu a chisankho mpaka pepala lovotera linafika pa bedi, ati safuna kupambana chifukwa cha bondo la munthu. Ndipo anali ndi mawu awo amene tonse tinkawadziwa, poti ankawanena pagulu, chala chili m'mwamba ngati ali m'kalasi: "Pakamwa mpanu, a Delbert, bwebwetani mpaka mutope. Koma pepala langa simudzaligwira."

Chakudza sichiimba ng'oma. Nyengo yachisanu itangotha, a Maxine ali pakhonde kubzala maluwa m'miphika, anagwa. A Delbert anawapeza ali chigonere, pakamwa patapotoka, dothi lili m'manja. Kuchipatala anati ndi sitiroko. A Maxine anabwerera kunyumba chimanga chitayamba kumasula, ali pa chikuku, mbali ya kumanja yonse itafa, ndipo mwa mawu onse amene mayiyu anali nawo, okwana kugawira tauni yonse, anabwera ndi amodzi okha. Mawuwo anali akuti inde.

Mukufuna tiyi? Inde. Kapena khofi? Inde. Mukumva kuzizira? Inde. Nanga kutentha? Inde, ndipo mutu nawo unkavomera. Mayi amene ankabwera kudzawaphunzitsa kulankhula anauza a Delbert kuti asataye mtima, akazi awo akumva zonse, kungoti mawu atsekeredwa m'kati ndipo inde yekha ndi amene wapeza potulukira. Renee, mwana wawo yekhayo, amene amakhala kumzinda wa Minneapolis, sankakhulupirira zimenezo. Iye ankati amayi ake anapita tsiku lija pakhonde, otsalawa ndi ongowasamala bwino mpaka Mulungu atawatenga. A Delbert ankasinthasintha. M'mawa ankakhulupirira mayi wophunzitsa uja, pofika madzulo ankakhulupirira Renee.

Anaphunzira zonse mkuluyu: kusambitsa, kupesa tsitsi, kuphika phala losapserera, kudula nyama tizidutswa. Manja amene ankamasula injini anayamba kumanga mabatani a bulauzi, ndipo sankadandaula. Chimene chinkawawawa chinali bata. Nthawi ya nkhani ikakwana ankakankhira chikuku pafupi ndi wailesi yakanema, n'kuyamba kuputa dala. Ankati aphunzitsi a masiku ano akulandira ndalama zambiri pa ntchito yoimbitsa ana nyimbo. Ankati abuluu onse a ku Washington ndi mbava zovala masuti, zogulidwa ndi makampani ngati nkhuku pamsika. Kale mawu otere sakanatuluka onse, a Maxine akanawadula pakati n'kuwakumbutsa kuti ofiira awowo anagulidwa ndi makampani omwewo, pamtengo wotsikirapo. Tsopano ankangoyang'ana pawindo.

"Si choncho, a Maxine?"

"Inde."

A Delbert ankazimitsa kanemayo n'kupita ku galaja kukagwiragwira zitsulo zopanda ntchito. Zaka zoposa makumi anayi analakalaka atapambana mkangano umodzi wokha m'nyumba imeneyo. Tsopano ankapambana tsiku lililonse, ndipo chibadwire anali asanasungulumwepo chotero.

Chaka chimenecho nkhondo yeniyeni kwa ife sinali ya ku Washington. Akuluakulu a kumeneko timangowaona pa kanema akulonjeza mvula ndi dzuwa lomwe, akapambana osadziwanso kuti tauni yathu ili pati. Imene inatigawanitsa inali ya mpando wa kukhonsolo, umene umagawa ndalama za misewu. Abuluu anali ndi mayi Noreen Pruitt, amene anali kale pampandopo. Ofiira anaimika a Lyle Burdick, mlimi wa nkhumba. A Delbert ankalumbira kuti mayi Pruitt anapereka ntchito yothira miyala m'misewu kwa mlamu wawo, n'chifukwa chake miyalayo imatha ndi mvula yoyamba. A Maxine, asanadwale, ankati a Burdick akufuna mpandowo kuti phula lifike pa makola awo a nkhumba basi. Ambiri a ife tinkaona kuti onse awiri akunena zoona, poti mbuzi imadya pomwe aimangirira, kaya chingwecho n'chofiira kaya n'chabuluu.

Masamba atayamba kuyoyoka, a Delbert anazika chikwangwani cha a Burdick kumanja kwa kanjira monga mwa nthawi zonse. Anabwerera m'mbuyo kuti aone ngati chaima bwino. Chinali chowongoka ndithu, koma kapingayo ankaoneka ngati munthu wometa ndevu mbali imodzi. Anapirira masiku angapo. Kenako anakwera galimoto yawo, anakaiimika kutali, kuseri kwa banki, n'kuyenda wapansi kupita ku kaofesi ka abuluu komwe anali asanapondeko chibadwire.

Anapezako amayi awiri akupinda timapepala ta kampeni. Atawaona a Delbert pakhomo anasiya kupinda, ndipo wina anafunsa ngati asochera kapena abwera kudzakonza chinachake. A Delbert anayang'ana pansi, n'kunena kuti akufuna chikwangwani cha mayi Pruitt, chimodzi, ndipo wina asaganize zambiri, si chawo. Amayi aja sanaseke. Wamkuluyo anapita kuseri n'kubwera nacho, ndipo pochipereka anagwira dzanja la a Delbert pang'ono, zimene zinawapweteka kuposa kusekedwa. Anachinyamula atabisa dzina kumwendo, koma kuno kulibe chinsinsi. Asanafike n'komwe pa galimoto, nkhani inali itafika kale kwa Opal.

Atachizika kumanzere kwa kanjira, analowa m'nyumba n'kukankhira chikuku pawindo.

"Mwaiona mbava yanu ija? Ndaibweretsa."

A Maxine anayang'ana nthawi yaitali. Dzanja lamanzere linasuntha pa bulangete, ndipo a Delbert anadikira.

"Inde," anatero a Maxine, maso n'kubwerera kumene ankapita masiku amenewo.

Kwa Opal kuli tebulo la pakona limene madala opuma ntchito amakonzerapo dziko m'mawa uliwonse. Mwini mpando wa pakati ndi a Harlan Voss, amene ankagulitsa mbewu ndi feteleza, mnzawo wa a Delbert kuyambira ali anyamata, wofiira mpaka m'mafupa. A Delbert ankapitako mwa apo ndi apo, namwino akabwera kudzakhala ndi wodwala. Tsiku limenelo asanakhale n'komwe pansi, a Harlan anafunsa ngati abuluu akuwalipira ndalama kapena miyala ya mlamu uja. Anthu anaseka. Kenako a Harlan anatsitsa mawu, n'kunena kuti mpikisano wa chaka chino wathina, ukhoza kusiyana ndi mavoti owerengeka pa zala, ndipo lamulo limalola wodwala kulowa ndi munthu womuthandiza kulemba.

"Ndiye inu amwene mwatola chikwama," anatero a Harlan. "Chaka chino mavoti awiri. Mungofunsa kuti, a Burdick? Iwo inde. Simunaname, simunabe. Mkazi wovomera chilichonse, enafe tapempherera zimenezo mpaka tsitsi kutha m'mutu."

A Harlan si munthu woipa, pakamwa pokha ndi pamene pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo, ndipo ndi iwo amene ankatchetcha kapinga wa a Kruse nthawi yonse ya chipatala ija popanda wowauza. A Delbert anaseka nawo pang'ono, anamaliza khofi, n'kunena kuti namwino akuwadikira. Atalowa m'galimoto anakhala kanthawi osaliza injini. Sikuti nthabwalayo inawakwiyitsa. Chimene chinawaopsa n'chakuti a Harlan ananena zoona. Akanathadi kutero, ndipo panalibe wowaletsa, chifukwa munthu yekhayo amene akanawaletsa mwina kunalibenso.

Renee ataimba foni Lamlungu, anati bambo ake asavutike n'kukawazunza amayi m'chisanu, chaka chino angovota okha. A Delbert anati aganiza, ndipo anaganizadi. Kuwasiya a Maxine pakhomo tsiku limenelo kunali kuvomera kuti anawaika kale m'manda. Kupita nawo n'kukawalembera abuluu onse pamtima kunali kosavuta, mayina ankawadziwa, koma imeneyo ikanakhala voti yachiwiri ya a Delbert ndithu, yongovala jekete labuluu. Iwo sankafuna kuvota pokumbukira akazi awo. Ankafuna kuti akazi awo avote.

Lachiwiri lija kunacha kozizira, minda ili mbee atakolola kale. A Delbert anatulutsa jekete labuluu m'kabati, anawaveka a Maxine kuyambira dzanja lakufalo monga anawaphunzitsira kuchipatala, anawapesa tsitsi, iwo n'kumanga tayi yofiira. Pakhomo anaima pang'ono kumbuyo kwa chikuku, poti wonena mawu aja ankakhala a Maxine. Sanabwere. Anawanena okha, "Tiyeni tikafafanizane," ndipo yankho lake mukulidziwa.

Ku holo ya ozimitsa moto woyang'anira chisankho anali mayi Gladys Amundsen, amene anaphunzitsapo sukulu imodzi ndi a Maxine. Anagwada pafupi ndi chikuku kulonjera mnzawo, kenako anauza a Delbert mwaulemu kuti ngati akufuna, pali anthu awiri, wofiira ndi wabuluu, amene angathandize wodwala kulemba, kuti pasadzakhale wonena zambiri. A Delbert anaona kuti mwina ndi bwino choncho, katunduyo awachoke pamutu. Koma atati asunthe anapeza dzanja lamanzere la a Maxine litawagwira iwo m'mphepete mwa jekete. Kaya linagwira dala kaya linangokodwa, sanadziwe. Mayi Gladys anaona, ndipo anabweretsa lumbiro loti wothandiza adzalemba zimene mwini voti wanena, osati za m'mutu mwake. A Delbert anasaina.

Anayamba ndi pepala lawo, poti silinkafuna kuganiza. Anadetsa timazira tija timakhala pambali pa mayina, ta ofiira tokhatokha, kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kukalowetsa m'makina owerengera mavoti. Kenako anakankhira chikuku pa tebulo lalifupi lotchingidwa ndi katoni, anakoka mpando, n'kuyala pepala la a Maxine pakati pawo. Anadumpha mayina a ku Washington n'kutsikira pa mpando wa kukhonsolo, kwa anthu amene a Maxine ankawadziwa nkhope ndi mbiri yomwe.

"Mayi Noreen Pruitt," anawerenga pang'onopang'ono.

"Inde."

A Delbert anawayang'ana. Akanatha kusiyira pomwepo, koma inki ya lumbiro inali isanaume, ndipo iwo eni ankafuna kudziwa.

"Nanga a Lyle Burdick?"

"Inde."

Anali inde yemwe uja, wosakwera wosatsika, wa tiyi ndi khofi. Anayesa zina. Anawapempha kuloza ndi chala, chalacho chinayendayenda n'kukaima pamalo opanda dzina. Anawapempha kuti awafinye dzanja akamva dzina loyenera, koma silinafinye pa dzina lililonse. Kuseri kwa katoni anthu ankalowa ndi kutuluka, makina ankameza mapepala, wina ankafunsa mayi Gladys za chimfine cha mdzukulu wawo. A Maxine ankaoneka otopa, maso ali pakhoma pamene panapachikidwa zipewa za ozimitsa moto. Pamenepo a Delbert anavomera mumtima kuti Renee ananena zoona. Anaveka jekete, anapesa tsitsi, anakankha chikuku mpaka kuno, koma anabwera okha.

Chimene chinabwera pambuyo pa chisonicho chinali mkwiyo, ndipo sankauyembekezera. Anakwiyira mayi ameneyu, amene anawazoloweza phokoso zaka zonsezi kenako n'kuchoka osatsazika, n'kuwasiyira inde. Anatsegula cholembera.

"Chabwino, mayi," anatero chapansipansi. "Mwati inde kwa a Burdick, ndipo ine ndalumbira kulemba zimene mwanena. Chaka chino mwapenya. Phula lipite ku nkhumba."

Mpaka lero a Delbert sadziwa ngati akanadetsadi kadzirako. Amati mwina ankangoopseza, mwina ayi. Chimene amadziwa n'chakuti nsonga ya cholembera inafika papepala, pa kadzira ka a Burdick, n'kusiyapo kadontho. Pomwepo chinachake chinawagwira pamkono, mwamphamvu, zikhadabo mpaka kulowa. Linali dzanja lamanzere lija, lomwe kunyumba linkagwetsa supuni. Atatukula mutu anapeza maso a akazi awo achoka kukhoma ali pa iwo, ndipo anali maso a m'kalasi aja. Pakamwa pankalimbana, mbali yamoyo ikukoka yakufa, mpweya ukutuluka wopanda mawu.

"A... a... ayi."

Mawuwo anatuluka movutikira, ngati chitseko chimene chakhala nthawi chosatsegulidwa. A Maxine anakankha dzanja la amuna awo kulichotsa papepala, anaika chikhatho chawo pamwamba pa pepalalo, n'kunenanso, tsopano momveka mpaka kuseri kwa katoni.

"Ayi."

A Delbert anafuna kuyankha, poti mkangano unali utayamba ndipo mawu anali nawo osunga a miyezi yonseyi, koma m'malo mwake anangowerama. Anagwira dzanja lowakanda lija ndi manja onse awiri n'kutsamiritsapo chipumi. Mkulu wa tayi yofiira analira, mapewa akugwedezeka, pakati pa holo ya ozimitsa moto, ndipo sanasamale kuti akuona ndani.

Koma pepala linali litawonongeka. Kadontho kaja makina akanatha kukawerenga ngati voti, choncho anapukuta m'maso ndi tayi, analipinda, n'kupita nalo kwa mayi Gladys. Anati akufuna lina, ili alidetsa polakwika. Mayi Gladys anawayang'ana kumaso n'kufunsa ngati zonse zili bwino.

"Akana," anatero a Delbert. "A Gladys, akana. Ndinati ndiwalembere a Burdick, andikaniza. Taonani."

Anapinda malaya kuonetsa pamene zikhadabo zinalowa, akumwetulira misozi ili m'masaya. Mayi Gladys anatsegula pakamwa kuti anene za lumbiro lija. Kenako anayang'ana ku tebulo lalifupi, kumene mnzawo anali atakhala mowongoka, chibwano chili m'mwamba, ndipo anangolandira pepala lowonongekalo n'kupereka latsopano. Nawonso anayamba kufunafuna kansalu kopukutira misozi m'chikwama.

Pepala lachiwirilo linatenga nthawi, ndipo mlandu wake ndi wa a Delbert. Mzere uliwonse ankayamba ndi wofiira. Ankawerenga dzina, n'kuyandikiza cholembera pamwamba pa kadzira, osagunda, n'kudikira. Pena ankabwera mawu, pena dzanja lokha, koma kukanako kunkabwera. Akasunthira pa wabuluu dzanja linkamasuka, ndipo inde amene ankatuluka pamenepo sanali wa tiyi uja. Pofika pa mayina a ku Washington a Delbert anali atayamba kale kutsutsa, kunong'ona kuti uyu ndiye mbava yeniyeni, a Maxine, mudzandikumbuka. Akatero ankadetsa kadzira ka mbavayo mosamala, osatulukira kunja, bwino kuposa mmene anadetsera tawo.

Pepalalo analowetsa m'makina ndi a Maxine eni ake, amuna awo atangowagwirira chigongono. Mayi Gladys anawamata timapepala tija tonena kuti ndavota, kena pa jekete labuluu, kena pa tayi yonyowa.

Anawoloka msewu. A Maxine anali asanalowe kwa Opal chidwalire, ndipo chikuku chitadutsa pakhomo, onse a pa tebulo la pakona anatembenuka. Madala anasuntha mipando kupereka njira. A Harlan anavula chipewa, analonjera a Maxine mokweza ngati akulankhula ndi wogontha, kenako anatsinzinira a Delbert diso n'kuimika zala ziwiri.

"Zatheka, amwene? Awiri?"

"Ngakhale imodzi," anatero a Delbert. "Tafafanizana. A Burdick anuwo akafune kwina."

A Harlan anayang'ana a Delbert, anayang'ana a Maxine. Anangodzuka n'kukakoka tebulo la pawindo kuti chikuku chilowe bwino.

Opal anabwera ndi khofi n'kufunsa kuti payi wanji. A Delbert anayang'ana kudenga ngati akuganiza kwambiri, n'kunena kuti wa maapozi, awiri, poti mayiwa masiku ano amavomera zanzeru. Ananena n'kudikira. Palibe chinachitika. A Maxine anali atatopa, chikope chakumanja chitagwa, ndipo mantha aja anawagwiranso a Delbert, akuti mwina chitseko chija chatsekekanso, mwina mawu aja anali a tsiku limodzi ndi pepala limodzi. Anali atatsegula pakamwa kuti asinthe okha payiyo pamene phazi lamanzere linawagunda pa msongolo kunsi kwa tebulo.

"Ayi," anatero a Maxine, osawayang'ana n'komwe.

Opal anali atadula kale wa mandimu. A Delbert anasendeza mpando wawo pafupi, anadula payiyo tizidutswa, anaika foloko m'dzanja lamanzere lija n'kulipinda zala. Kenako anamwa khofi, anakonza kukhosi, n'kuyamba kufotokoza bwinobwino, kuchokera pachiyambi, za malipiro a aphunzitsi.